Ntchito zoyenda zokha usiku pa seva: zomwe zinandichitikira ndi cron

Bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama, lomwe mamembala ake ambiri ndi aphunzitsi ndi anamwino a m'boma lina la m'chigawo chapakati, linandipatsa ntchito yolemba pulogalamu ya pa intaneti yosungiramo masheya, ngongole ndi malipiro a mamembala. Gawo lomwe anthu amaliona pa kompyuta, la mabatani ndi matebulo, silinandisowetse tulo, chifukwa likalakwika kalaliki amaona pomwepo n'kundiimbira foni. Zomwe zinandivuta pafupifupi chaka chathunthu ndi ntchito zomwe zimayenera kuchitika zokha ofesi itatsekedwa, popanda munthu wodina chilichonse. Zinalipo zinayi: kutumiza mauthenga a SMS okumbutsa anthu omwe tsiku lawo lobweza ngongole layandikira, kuika chindapusa kwa omwe tsikulo lawadutsa, kuwerengera chiwongoladzanja mwezi ukatha, ndi kukopera database yonse, nkhokwe ya zolembedwa zonse za bungwe, usiku uliwonse (backup) kuti tikhale ndi pothawira zinthu zikavuta. Zonse zinayi zinandichititsa manyazi, iliyonse pa nthawi yake, ndipo ndikulembera mnzanga amene akuyamba kumene ntchito yotereyi akuganiza, monga ndinkaganizira ine, kuti nkhani yonse yathera pa kulemba ola pa mzere umodzi.

Pulogalamu ya pa intaneti ili ngati wogulitsa m'golosale amene amaimirira pokhapokha kasitomala akafika pawindo: wina akapempha tsamba imadzuka, imayankha, kenako imakhalanso chete. Nthawi ya 2 koloko usiku palibe amene amapempha tsamba, choncho pamafunika china choidzutsa. Pa seva, kompyuta yomwe pulogalamuyo imakhalapo, ngati ndi ya Linux, chodzutsacho kawirikawiri ndi cron, pulogalamu yakale kwambiri yomwe inayambira pa Unix ku Bell Labs m'zaka za m'ma 1970, ndipo mtundu wake womwe unafala kwambiri pa Linux unachokera kwa Paul Vixie mu 1987. Cron imayang'ana ndandanda yotchedwa crontab mphindi iliyonse, ndipo ikapeza mzere womwe nthawi yake yakwana imayambitsa lamulo lomwe lalembedwapo. Mzere uliwonse umayamba ndi malo asanu: mphindi kuyambira 0 mpaka 59, ola kuyambira 0 mpaka 23, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata, pomwe 0 ndi 7 onse akuimira Lamlungu. Kanyenyezi kamatanthauza kuti nambala iliyonse ndi yololedwa pamalopo, kotero 30 6 * * 1-5 ndiye kuti hafu pasiti sikisi m'mawa, Lolemba mpaka Lachisanu. Zimenezi ndinaziphunzira madzulo amodzi a mu Julayi, ndinalemba mizere yanga inayi, n'kuuza akuluakulu a bungwe kuti makina ayamba kugwira ntchito okha.

Cholakwa choyamba chinali chachibwana ndipo sindikhalitsapo. Chiwongoladzanja ndinachiika pa 0 23 31 * *, mumtima ndikuti ndilo tsiku lomaliza la mwezi. Julayi ndi Ogasiti zinayenda bwino chifukwa miyezi yonseyi ili ndi masiku 31, koma Seputembala atatha mabuku anakhala opanda chiwongoladzanja, ndipo zikanachitikanso mu Novembala, Febuluwale, Epulo ndi Juni. Cron wamba ilibe njira yonenera kuti tsiku lomaliza la mwezi, ndiye chanzeru n'kuyendetsa ntchitoyo pa 1 m'bandakucha n'kuiuza kuti iwerengere mwezi womwe wangothawo. Pa malo omwewa palinso msampha wina: munthu akalemba 0 7 1-7 * 1 akufuna Lolemba loyamba la mwezi, cron imayendetsa ntchitoyo tsiku lililonse kuyambira pa 1 mpaka pa 7, komanso Lolemba lililonse la mweziwo, chifukwa malo a tsiku la mwezi ndi a tsiku la sabata akadzazidwa onse awiri, kukwanira kwa limodzi lokha n'kokwanira kuti ntchito iyambe. Izi zalembedwa poyera mu man 5 crontab, buku la malangizo a crontab, lomwe ine ndinali ndisanalitsegulepo. Safunsa anadya phula.

Cholakwa chachiwiri chinabisala bwino, ndipo mpaka lero ndimachiona ngati msampha wotchera ife akuno makamaka. Seva yathu tinkabwereka ku kampani ina yomwe makina ake ali ku Frankfurt, ndipo wotchi yake inali pa nthawi ya ku Germany. Tsiku lomwe ndinkaikonza ndinalemba lamulo la date, ndinayang'ana wotchi ya pa foni yanga, ndinaona kuti zikufanana ndendende, ndipo sindinaganizenso za nkhaniyo. Chimene sindinachilabadire n'chakuti nthawi ya ku Malawi ili patsogolo pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayezerapo mawotchi, ndi maola awiri chaka chonse, pomwe ya ku Germany imakhala patsogolo ndi maola awiri kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala basi, kenako amabweza mawotchi ndi ola limodzi. Mu Julayi mawotchi athu amayendera limodzi, koma mu Novembala amasiyana. Ntchito ya chindapusa ndinaiika pa 30 23 * * * pofuna kuti munthu apatsidwe tsiku lake lonse asanatchedwe wochedwa, ndipo ntchitoyo inkafunsa database kuti ndani amene tsiku lake lobweza ndi lero koma sanalipire. Mawu akuti lero inkawatenga ku pulogalamu yanga, yomwe ndinailemba ndi Django, chida cholembera mapulogalamu a pa intaneti, n'kuiika pa nthawi ya Africa/Blantyre. Mawotchi atabwezedwa ku Ulaya, 23:30 ya pa seva inasanduka 00:30 ya kuno, tsiku latsopano litayamba kale.

Lolemba lotsatira, mphunzitsi wina wachikulire anafika pa ofesi chitseko chitangotsegulidwa, ndalama zake zili mu envulopu, chifukwa tsiku lake lobweza linali lomwelo. Kalaliki atatsegula tsamba lawo anapeza chindapusa chaikidwa kale, ndipo bambowo anafunsa modekha kuti, "Mwana wanga, dzuwa langotuluka kumene, ine ndachedwa bwanji?" Kalalikiyo anandiwerengera pa foni nthawi yomwe chindapusacho chinalowa, ndipo nditamva kuti 00:30 ndinadziwa kuti vuto lili pa wotchi. Omwe tsiku lawo linali Lamlungu lija sanalipitsidwe n'komwe, chifukwa ntchito ya usiku wa Lamlungu inagwira anthu a Lolemba n'kusiya a Lamlungu osawayang'ana. Ndinaika seva pa UTC ndi lamulo la timedatectl, ndinayambitsanso cron kuti izindikire nthawi yatsopanoyo, ndipo pamwamba pa mzere uliwonse ndinalembapo ola lake la kuno, popeza kuwonjezera maola awiri sikusintha chaka chonse. Koma kukonza kwenikweni kunali kusintha funso lomwe ntchitoyo imafunsa. M'malo mofunsa za lero, tsopano imafunsa kuti ndi ngongole ziti zomwe tsiku lake lobweza linadutsa, sizinalipidwe, ndipo sizinaikidwe chindapusa. Funso lotere limapereka yankho lolondola kaya ntchito yayenda 23:30, kaya 3 koloko m'bandakucha, kaya yaphonya masiku awiri.

Vuto lomwe linandiphunzitsa zambiri linabwera kumapeto kwa Novembala. Mauthenga a SMS ankayamba alembedwa mu tebulo lina la mu database, ndipo ntchito yowatumiza inkayenda pa */5 * * * *, kutanthauza mphindi zisanu zilizonse. Inkatenga mauthenga onse omwe sanapite, n'kuwapereka umodzi umodzi kwa kampani yomwe tinkagulako mayunitsi a SMS, ndipo ikamaliza onse inkawachonga pamodzi kuti apita. Masiku wamba mauthenga ankakhala ochepa moti ntchitoyo inkatha isanakwane mphindi imodzi. Kumapeto kwa mwezi, pomwe ngongole zambiri zimabwezedwa chifukwa malipiro atuluka, mauthenga anachuluka kufika mazana angapo, ndipo tsiku limenelo kulumikizana ndi kampani ija kunali kochedwa. Mphindi zisanu zinakwana ntchito yoyamba ikadali pakati. Cron siyang'ana ngati ntchito yomwe inayambitsa kale yatha. Nthawi ikakwana imangoyambitsa ina. Yachiwiriyo inapeza mauthenga onse akadali osachongedwa, inayambira pa woyamba, ndipo popeza ziwirizo zinkachedwetsana, yachitatu ndi yachinayi zinabwera n'kuchita chimodzimodzi.

Foni ya mayi msungichuma wa bungwe inandipeza ndili m'minibasi. "Achimwene, kodi makina anu aja apenga? Mayi ena kuno alandira uthenga wa ngongole kanayi, ndipo akufunsa ngati tikuwanyoza." Ndinayankha kuti, "Pepani mayi, ndipatseni mphindi zochepa," ndinatsika pa siteji yomwe sinali yanga, n'kukhala pa khonde la sitolo ina laputopu ili pamwendo, intaneti ndikutenga pa foni. Nditalemba ps, lamulo loonetsa ntchito zomwe zikuyenda pa seva, ndinaona ntchito yomweyo itafola mizere isanu, yonse ikutumiza. Ndinaizimitsa yonse, koma mayunitsi omwe bungwe linagula kuti akwane mwezi wathunthu anali atatsala pang'ono kutha. Ndalamazo zinali zobwezeka. Chomwe chinandiwawa n'chakuti uthenga wa ngongole si uthenga wamba. Munthu akaulandira kanayi m'ola limodzi amamva ngati akukuwiziridwa pa msika.

Mankhwala apafupi ndi loko. Pa Linux pali lamulo la flock, ndipo ukalemba flock -n ndi dzina la fayilo ya loko patsogolo pa lamulo lako, ntchito yachiwiri ikapeza yoyamba idakagwira lokoyo imangotuluka osachita kanthu. Ubwino wa flock ndi wakuti loko imamasuka yokha ntchito ikafa, kusiyana ndi njira yomwe ambirife timayambira, yolemba kafayilo poyamba n'kukafufuta pomaliza, komwe ntchito ikafera panjira kamatsala n'kutsekereza ntchito zonse zotsatira. Amene amagwiritsa ntchito Laravel, chida china cholembera mapulogalamu a pa intaneti, ali ndi withoutOverlapping yochita zomwezo, ngakhale ayenera kudziwa kuti loko yake, ngati sanasinthe, imatha mphamvu pakapita maola 24, ndipo onOneServer ndi ya amene ali ndi ma seva angapo. Amene amagwiritsa ntchito Celery, pulogalamu yoyendetsa ntchito kuseri, ayenera kuonetsetsa kuti beat, gawo lake losunga nthawi, ikuyenda imodzi yokha, apo ayi ntchito iliyonse idzatumizidwa kawiri.

Komabe nditakhala pansi usiku umenewo ndinaona kuti loko yangophimba bala. Bwanji ngati ntchito itafa itatumiza theka la mauthenga, isanachonge ngakhale umodzi? Yotsatira ikanatumizanso onse, loko ilipo kapena palibe. Bwanji ngati ineyo, pofufuza vuto lina, nditayendetsa pamanja ntchito ya chiwongoladzanja yomwe cron yayendetsa kale m'bandakucha? Aliyense wangongole akanawonjezeredwa chiwongoladzanja kawiri, ndipo pamenepo pepani sakanakwanira. Ndinazindikira kuti ntchito yoyenda yokha iyenera kulembedwa mwakuti ikayenda kawiri, katatu kapena kakhumi, zotsatira zake zikhale zofanana ndi za kuyenda kamodzi, ndipo woteteza zimenezi akhale database yeniyeniyo, osati chikumbumtima cha wolemba pulogalamu. Pa tebulo la chiwongoladzanja ndinaika lamulo la unique, loletsa kubwereza, pa nambala ya ngongole pamodzi ndi mwezi, kotero PostgreSQL, database yomwe ndimagwiritsa ntchito, imakana mzere wachiwiri wa ngongole imodzi mwezi womwewo, ndipo ndi ON CONFLICT DO NOTHING ntchito imangodumpha omwe awerengeredwa kale n'kupitiriza ndi otsala. Kulemba mzerewo ndi kusintha ndalama zotsala pa ngongole ndinaziika mu transaction imodzi, kuti zichitike zonse kapena pasachitike chilichonse.

Mauthenga anali ovutirapo, chifukwa uthenga ukachoka sungaubweze monga momwe database imabwezera transaction. Pakati pa kutumiza ndi kuchonga pamakhala kampata komwe ntchito ingafere, ndipo palibe nzeru yotsekeratu kampatako. Chomwe ungachite n'kusankha cholakwa chomwe ungachipirire. Ukachonga usanatumize, ntchito ikafa uthenga umodzi ukhoza kusowa. Ukachonga utatumiza, ukhoza kupita kawiri. Ine, nditamva mawu a mayi aja, ndinasankha njira yoyamba: ntchito imatenga uthenga umodzi, imaulemba kuti wayamba kutumizidwa, imautumiza, kenako imaulemba kuti wapita. Womwe wakhala pakati kupitirira ola sutumizidwanso wokha, koma umaoneka pa tsamba la kalaliki kuti munthu aganize chochita. Potenga uthengawo ndimagwiritsa ntchito FOR UPDATE SKIP LOCKED, yomwe inabwera mu PostgreSQL 9.5, kotero ngakhale ntchito ziwiri zitayendera limodzi, kapena pa ma seva awiri pomwe flock sithandiza chifukwa loko yake ndi ya makina amodzi, sizingatenge uthenga umodzi. Chikhala kuti unali uthenga wa kuchipatala wokumbutsa munthu kumwa mankhwala, ndikanasankha njira inayo, chifukwa kumeneko kulandira kawiri kuli bwino kuposa kusalandira.

Pa zonsezi ndinkadzitonthoza kuti zikavuta kwambiri tili ndi backup ya usiku uliwonse. Mu Januwale kalaliki watsopano, pofuna kufufuta malipiro amodzi olakwika, anafufuta malipiro a nthambi yonse a milungu ingapo. Mayi msungichuma anandiimbira alibe nkhawa n'komwe, chifukwa ndinali nditawauza kangapo kuti chilichonse chikhoza kubwezedwa monga chinalili dzulo. Ndinalowa mu seva, ndinatsegula foda ya ma backup, ndipo munali fayilo imodzi yokha, ya mu Julayi, yomwe ndinapanga pamanja tsiku lomwe ndinkayesa lamulolo. Ndinalembanso ls, lamulo loonetsa mafayilo, kachiwiri ngati kuti maso andinamiza. Miyezi isanu ndi umodzi bungwe linkayenda popanda backup, ine ndikugona tulo tabwino.

Wopalamula anali kachizindikiro kamodzi. Pofuna kuti fayilo iliyonse ikhale ndi deti m'dzina lake, ndinaika date +%F mkati mwa lamulo la pg_dump lokopera database, ndipo nditaliyesa pamanja pa terminal, windo lolembamo malamulo, linayenda bwinobwino. Koma mu crontab chizindikiro cha % chili ndi tanthauzo lapadera: cron imadula lamulo pa % yoyamba yomwe ilibe \ patsogolo pake, ndipo zotsalazo imazipereka kwa lamulolo ngati mawu olowetsa. Choncho usiku uliwonse shell, pulogalamu yoyendetsa malamulo, inkalandira lamulo lodukiza, inkadandaula kuti silikumveka, n'kutuluka. Dandaulo limenelo cron inkafuna kunditumizira pa imelo, monga mwa chikhalidwe chake, koma pa seva panalibe pulogalamu yotumiza imelo. Nditafufuza mu syslog, fayilo momwe seva imalemba zochitika, ndinapeza mzere womwewo usiku uliwonse, wakuti No MTA installed, discarding output, womwe tanthauzo lake n'lakuti inali ndi mawu oti indiuze koma yawataya posowa wowatumiza. Pamwamba pa mzere umenewo pankaonekanso wina wosonyeza kuti cron yayambitsa lamulo, ndipo ndi womwe ndinauona kamodzi mu Julayi n'kukhutira, osadziwa kuti umangonena za kuyamba, osati za kutha bwino.

Loweruka ndi Lamlungu la sabata imeneyo tinakhala mu ofesi anthu anayi ndi mabuku a malisiti a kaboni, wina akuwerenga nambala ya membala ndi ndalama, wina akulowetsa, wina akuchonga ndi pensulo. Malisiti ena kaboni yake inali yofooka moti tinkawayang'anira padzuwa pafupi ndi windo. Mayi msungichuma sanandikalipire ngakhale kamodzi, anangonena, tikudya nsima yomwe anaitanitsa masana, kuti, "Achimwene, mwamwayi mabukuwa sitinawataye monga munkatilangizira." Mawu amenewo anandilowa kuposa kukalipira.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kulemba malamulo aatali mu crontab. Ntchito iliyonse ili ndi script yake, fayilo yokhala ndi malamulo ake onse, ndipo mzere wa cron umangotchula nthawi ndi dzina la script. Mkati mwake ndimalemba njira yonse yopita ku pulogalamu iliyonse, chifukwa cron imayendetsa malamulo ndi PATH yaifupi (mndandanda wa mafoda momwe imafunafuna mapulogalamu), kawirikawiri /usr/bin ndi /bin basi, ndipo siwerenga mafayilo omwe terminal yako imawerenga ukalowa. Ichi n'chifukwa chake lamulo loyenda bwino m'manja mwako limakanika usiku. Kumapeto kwa mzere ndimaika >> ndi dzina la fayilo ya log, kenako 2>&1, kuti zabwino ndi zodandaula zonse zilembedwe pamalo amodzi. Ntchito yatsopano sindiikhulupirira chifukwa yayenda pa terminal: ndimaiika pa mphindi ziwiri zikubwerazo, ndimadikira kuti cron yeniyeniyo iiyendetse, ndimayang'ana zotsatira, kenako n'kuibwezera pa ola lake. Mizereyo ndinaisamutsira mu /etc/cron.d n'kuisunga mu git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, pamodzi ndi pulogalamu, nditaona kuti crontab -r, yomwe imafufuta ndandanda yonse osafunsa, imasiyana ndi crontab -e ndi batani limodzi loyandikana nalo pa kiyibodi. Amene atsate njirayi pa Debian kapena Ubuntu akumbukire kuti mzere wa mu /etc/cron.d umafuna dzina la user pakati pa nthawi ndi lamulo, ndiponso kuti fayilo yomwe dzina lake lili ndi kadontho imadumphidwa mwakachetechete.

Log yokha sikanandipulumutsa, chifukwa log ndi ya munthu amene wakumbukira kuitsegula, ndipo ntchito yomwe sinayambe n'komwe silemba kalikonse. Chomwe chinkafunika ndi mlonda wokhala kunja kwa seva amene amakuwa akaona chete. Pali mautumiki ochita zimenezi, monga Healthchecks.io, ndipo kagwiridwe kake n'kosavuta: script ikamaliza bwino imagogoda pa adiresi ina ya pa intaneti ndi curl, ndipo kugogodako kukapanda kufika pa nthawi yomwe munagwirizana, uthenga umabwera kwa iwe. Kugogodako kuyenera kukhala kumapeto kwenikweni, pambuyo poyesa kuti fayilo ya backup ilipo ndipo si yopanda kanthu, apo ayi mlonda adzakuuza kuti zonse zili bwino pomwe foda ili mbee. Kamodzi pa mwezi ndimatenga backup ya dzulo, ndimaibwezeretsa mu database yoyesera, n'kufananiza chiwerengero cha mamembala ndi ndalama zonse za ngongole ndi za mu database yeniyeni. Mlonda yemweyo ndinamuikanso pa ntchito yokonzanso satifiketi ya chitetezo cha webusaiti ya Let's Encrypt, yomwe nthawi yake yakhala ili masiku 90, makamaka popeza mu 2025 anasiya kutumiza maimelo ochenjeza kuti satifiketi yatsala pang'ono kutha.

Backup yokhala pa seva yomweyo ndi yosathandiza seva ikawonongeka, choncho ndinakonza kuti kompyuta ina ya mu ofesi ya bungwe izikoka fayiloyo 1 koloko usiku. Apa ndinakumana ndi khalidwe lina la cron lomwe anzathu okhala kumalo komwe magetsi sathimathima saliganizira kawirikawiri: ngati kompyuta inali yozima pa mphindi yomwe ntchito imayenera kuyamba, cron siibwerera, imangodikira mawa. Magetsi akathima 12 koloko n'kuyaka 4 koloko, usiku umenewo wapita. Anacron inapangidwira vuto limeneli, ndipo imakumbukira tsiku lomwe ntchito inayenda komaliza, koma imawerenga masiku osati maola. Ine ndinasankha timer ya systemd (pulogalamu yoyang'anira mapulogalamu ena pa Linux), momwe nthawi imalembedwa pa OnCalendar, ndipo ukaika Persistent=true ntchito yomwe inaphonyedwa imayenda kompyuta ikangoyaka. Palinso mwayi wina womwe ndinaukonda: systemd siyambitsa kachiwiri service yomwe ikadali kuyenda, zotuluka zake zimasungidwa zokha mu journal, ndipo systemctl list-timers imaonetsa nthawi yomwe ntchito inayenda komaliza ndi yomwe idzayendenso. Pa seva ya ku Frankfurt ndinasiyabe cron, chifukwa ntchito zake zinali zitalembedwa kale mwakuti zimadzitolera zokha zomwe zatsalira, ndipo sindinaone chifukwa chogwetsera nyumba yomwe yasiya kudontha.

Webusaiti ya bungwe yoonetsa zilengezo, yomwe inapangidwa ndi munthu wina pa WordPress, inali ndi matenda a mtundu womwewu ochokera kwina. Zilengezo zomwe ankazitchera kuti zituluke m'mawa zinkachedwa kapena kuphonya, chifukwa wp-cron si cron yeniyeni. Imadalira kuti mlendo atsegule tsamba kuti iyang'ane ngati pali ntchito yomwe nthawi yake yakwana, ndipo webusaiti ya bungwe laling'ono imatha maola ambiri popanda mlendo. Ndinaika DISABLE_WP_CRON mu wp-config.php n'kuuza cron ya pa seva kuti iziitana wp-cron.php mphindi 15 zilizonse, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Chomaliza chomwe ndinawonjezera sichinachokere m'mutu mwanga. Mayi msungichuma anandifunsa kuti, ngati makina amatha kuuza membala za ngongole yake, n'chifukwa chiyani sangauze iwowo ngati agwira ntchito usiku. Ndinapanga tebulo momwe ntchito iliyonse imalemba nthawi yomwe yayamba, yomwe yatha ndi kuchuluka kwa zomwe yachita, ndipo ntchito yachisanu, ya 30 4 * * * pa UTC, yomwe ndi hafu pasiti sikisi kuno, imawerenga tebulolo n'kutumiza SMS imodzi kwa mayiwo ndi kwa ine, yonena kuti backup yachitika, mauthenga angati apita, ndi anthu angati aikidwa chindapusa. Ndinkaganiza kuti pakapita milungu iwiri adzatopa nawo uthengawo, koma unasanduka chinthu chomwe amayang'ana asanatuluke m'nyumba.

M'mawa wina mu Meyi foni inalira 7 koloko isanakwane, ine ndisanaone n'komwe chenjezo la mlonda lomwe linali litafika kale mu imelo. "Achimwene, mwadzuka bwanji? Uthenga wathu uja lero sunabwere." Ndinalowa mu seva ndipo df inaonetsa kuti disk yadzaza mpaka 100%. Ma backup omwe tsopano ankachitikadi usiku uliwonse anali ataunjikana kuyambira Januwale popanda wofufuta akale, ndipo log ya ntchito ya mphindi zisanu ija, yomwe ndinaiuza kuti izilemba chilichonse, inali itakula popanda logrotate yoidula. Ndinafufuta ma backup opitirira masiku 30 omwe anali atakokedwa kale ku ofesi, ndinayendetsa pamanja ntchito zonse za usikuwo popanda mantha akuti wina alipitsidwa kawiri, ndipo ofesi isanatsegulidwe ndinalemba mzere wachisanu ndi chimodzi, woyeretsa foda ija Lamlungu lililonse, n'kuupatsa mlonda wake.